Kodi Ndi Wathu Pokhapokha Akamwetsa Chigoli?

Abale anga, ambiri a inu mukukumbukira usiku wa pa 11 July 2021, pakuti ngakhale mpira uja unkaseweredwa kutali ku London, pa bwalo la Wembley, kuno kwathu anthu adakhala tcheru pa kanema mpaka pakati pa usiku. England ndi Italy ankalimbirana chikho cha mayiko a ku Ulaya. Adalepherana, chigoli chimodzi uku chimodzi uko, ndipo nthawi yowonjezera itatha mlandu udatsala kuti uweruzidwe ndi mapenate. A Italy adaphonya awiri, a England atatu. Atatuwo adali anyamata: Marcus Rashford wa zaka 23, amene mpira wake udamenya chitsulo cha golo, Jadon Sancho wa zaka 21, ndi Bukayo Saka wa zaka 19, amene adamsenzetsa penate yotsiriza ngakhale adali asanamenyepo penate pa mpira wa akuluakulu. Goloboyi wa Italy adatchinga mipira ya awiri otsirizawa, chikho nkupita ku Rome.

Anyamata atatuwa adabadwira ku England, adaphunzira ku England, ndipo Chingerezi ndicho chilankhulo chawo. Koma onse atatu ndi akuda. Tambala asanalire, masamba awo a pa intaneti adali atadzaza ndi zithunzi za anyani ndi nthochi, pamodzi ndi mawu owauza kuti abwerere kwawo. Kwawo kuti? Saka adabadwira ku London. Makolo ake ndiwo adachokera ku Nigeria. Apolisi a ku Britain atafufuza adapeza mauthenga 207 ofika pa mlandu, ndipo pofika mwezi wa August adali atagwira anthu 11. Pambuyo pake munthu wina bwalo lidamlamula kukhala m'ndende milungu 10.

Mkangano wa mtundu umenewu sudayambe usiku umenewo, ndipo sudathere pomwepo. Umabukanso nthawi iliyonse imene wosewera wakuda waphonya, kapena pamene opanga mafilimu apatsa mtsikana wakuda malo amene anthu adazolowera kuonapo mzungu, kapenanso pamene akuluakulu alamula kuti m'timu ya dziko mukhale akuda okwana mwakuti. Anthu amagawikana pawiri monga amachitira pa bwalo la mfumu. Ena amati zonsezi ndi tsankho, ndipo aliyense wodandaula ndi watsankho. Ena amati iyayi, awa ndi masewera chabe, munthu wolandira ndalama zochuluka chotero apirire mawu owawa, ndipo wotchula khungu ndiye akudzetsa chisokonezo. Mbali zonse ziwiri zimafuula liwu limodzi: chilungamo. Tsono popeza liwu limeneli ndi lalikulu, ndipo si bwino kulisiya pa msewu kuti lizipondedwa, tiyeni tilitole, tifunse modekha. Kodi wosewera mpira, kapena wochita sewero, tili naye mangawa anji? Nchiyani chimene ayenera kuchikhetsera thukuta, ndipo nchiyani chimene chili chake asanaukhudze nkomwe mpira?

Tiyambe ndi kuvomera chimene chili choona kwa a mbali yachiwiri. Kudzudzula wosewera si tchimo. Amene wavomera kuima pamaso pa khamu wavomeranso kuti khamulo limuyese, ndipo munthu amene walipira ndalama yake pa chipata ali ndi ufulu wonena kuti penate ija idamenyedwa mwaulesi. Ndiponso azungu nawo adaulawa ukali wa khamu. Gareth Southgate, amene adali mphunzitsi wa timu usiku uja ndipo adavomera poyera kuti ndiye adasankha omenya mapenate, iye mwini adaphonya penate pa Wembley pomwepo m'chaka cha 1996 posewera ndi Germany, ndipo anthu adamseka zaka zambiri. David Beckham atapatsidwa kadi yofiira posewera ndi Argentina m'chaka cha 1998, anthu ena adapanga chidole chofanana naye nkuchipachika pa chingwe panja pa nyumba yomweramo mowa ku London. Zimenezo zidali zonyansa, palibe angaziikire kumbuyo. Komatu tamvetsani kusiyana kwake. Southgate adamuuza kuti walephera. Beckham adamuuza kuti ndi chitsiru chimene chagwetsa dziko. Palibe adawauza kuti England si kwawo. Adakalipiridwa monga ana a pakhomo.

Mwana wa pakhomo akaswa mtsuko pochokera ku chitsime, amake amamkalipira, mwina amamkwapula, koma madzulo mbale yake ya nsima ili pomwepo, ndipo mphasa yake palibe waipinda. Waganyu akalima mizere yokhotakhota, mwini munda amamdula malipiro namuuza kuti mawa asabwerenso. Onse awiri alakwa, onse awiri amva mawu owawa. Koma woyambayo malo ake sadagwedezeke, pamene winayo malo ake adali pa khasu pokha. Ife tikuidziwanso nkhani ya mkamwini: nkhokwe zikadzaza amatchedwa mwana wathu, koma chaka cha njala, kapena mkazi akamwalira, amakumbutsidwa njira ya kwawo. Zimene adauzidwa anyamata atatu aja ndi zomwezo. Mwezi wathunthu, timu ikupambana, adali ana a England. Mipira itatu itaphonyeka adasanduka aganyu. Mesut Özil, amene adabadwira ku Germany nathandiza dzikolo kutenga chikho cha dziko lonse m'chaka cha 2014, posiya timuyo m'chaka cha 2018 adadandaula chomwechi: kuti m'maso mwa anthu ena iye amakhala Mjeremani timu ikapambana, koma ikagonja amakhala wobwera.

Nanga za ndalama zija? Nzoona kuti anyamatawa amalandira pa sabata imodzi zimene mlimi sadzaziona moyo wake wonse, ndipo pamenepo pali funso lina la chilungamo limene tingalikambe tsiku lina. Koma malipiro amagula nthawi ya munthu ndi mphamvu zake. Sagula chilolezo chomutcha nyani. Ndiponso mwala woponyera wolemerayo sugwa pa iye yekha. Mwana wakuda wa zaka 10 wa ku Birmingham kapena ku Leeds, amene usiku uja adavala malaya a England nkumachemerera, m'mawa mwake adawerenga mawu omwewo, ndipo adamvetsa bwino kuti akunena iyenso. Ameneyo palibe adamlipira kanthu.

Pamene tidali ku seminale tidaphunzira za tchimo lina limene pa Chilatini limatchedwa acceptio personarum, ndiye kuti kuyang'ana nkhope pogawa zinthu. Thomas Aquinas Woyera, amene adamwalira m'chaka cha 1274, adalifotokoza mwa njira imene ingatithandize kuno. Chilungamo ndi kupatsa munthu aliyense chimene chili chake. Tsono wogawa udindo kapena mphotho ayenera kuyang'ana chifukwa chogwirizana ndi chinthu chogawidwacho. Ukapatsa munthu mpando wa uphunzitsi popeza ndi wodziwa, wayang'ana chifukwa choyenera; ukampatsa popeza ndi wolemera kapena ndi mphwako, wayang'ana nkhope. Ndipo mphunzitsi woyerayu adaonjezapo mfundo yakuya: chinthu chimodzi chomwecho chingathe kukhala chifukwa choyenera pa nkhani ina, nkukhala tsankho pa nkhani inzake. Ubale wa magazi ndi chifukwa chabwino pogawa chuma cha masiye, koma si chifukwa nkomwe posankha mtsogoleri wa mpingo. Choncho sikokwanira kungomva kuti khungu latchulidwa, ife nkufuula. Tiyenera kufunsa nthawi zonse: kodi pa chinthu ichi chimene chikugawidwa, khungu lili ndi mbali?

Milandu ina njosavuta kuweruza. Basil D'Oliveira adabadwira ku Cape Town m'chaka cha 1931. Malamulo a tsankho a ku South Africa ankamuwerengera m'gulu la anthu a khungu losakanizika, motero ngakhale adali katswiri pa masewera a kiriketi sakadaloledwa kusewerera dziko lake. Adapita ku England m'chaka cha 1960, ndipo pofika 1966 adali m'timu ya dzikolo. Mu August 1968, posewera ndi Australia pa bwalo la Oval, adapata yekha 158, chiwerengero chimene odziwa masewerawo amachilemekeza kwambiri. Patangopita masiku ochepa, osankha timu yopita ku South Africa adamsiya. Iwo adati ayang'ana luso lokha, koma anthu ambiri sadawakhulupirire. Wosewera wina atachoka chifukwa chovulala adamuitana D'Oliveira, ndipo nduna yaikulu ya South Africa, John Vorster, idakana kulandira timuyo, ulendo nkulephereka. Apa palibe chovuta. Malo a m'timu agawidwe poyang'ana mkono ndi diso. Vorster adayang'ana khungu.

Koma taonani kuti mlandu wa ku Wembley ndi wosiyana, ndipo pamenepa mpamene ambiri amasokonezeka. Anyamata aja palibe adawamana malo m'timu. Pali zinthu za mitundu iwiri zimene munthu angazitche zake. Zina amazipeza ndi thukuta: malo m'timu, chikho, malipiro, kuwomberedwa m'manja. Zimenezi zimabwera ndi kupita, ndipo nkoyenera kutero. Wosewera akafooka amkhazike pansi, palibe wamlakwira. Zina sadazigwirire ntchito, ndipo sangazitaye pa bwalo la mpira: umunthu wake, ulemu umene Mlengi adauika pa iye, mbiri yake yabwino, ndi dziko limene adabadwiramo nkukuliramo. Woweruza wolungama amasunga nkhokwe ziwirizi motalikirana. Watsankho amazisakaniza, ndipo amatero mwa njira ziwiri. Kwa D'Oliveira adatenga khungu nkuliyesa muyeso wa luso. Kwa Saka adatenga luso la mwendo nkuliyesa muyeso wa ubale. Njira yachiwiriyi njobisika koposa, pakuti imatha kukhala zaka zambiri ikumwetulira, ikuimba nyimbo zotamanda, mwiniwake osadzidziwa, kufikira tsiku limene mpira waphonyeka.

Tsopano tifike pa mlandu wovuta, umene ngakhale anthu a mtima wabwino amasiyanapo maganizo. South Africa itatenga chikho cha dziko lonse cha rugby m'chaka cha 1995, mwa osewera ake mudali munthu mmodzi yekha wosakhala mzungu, Chester Williams, m'dziko limene azungu adali pafupifupi mmodzi pa anthu 10 alionse. Kodi akuda adalibe mphamvu kapena liwiro? Iyayi ndithu. Masukulu a mabwalo abwino, aphunzitsi a masewera, chakudya chokwanira, zonsezi zidaunjikidwa mbali imodzi kwa zaka zambirimbiri. Pofuna kukonza, akuluakulu a masewera adayamba kuika chiwerengero. Mwachitsanzo, m'chaka cha 2016 bungwe loyendetsa kiriketi m'dzikomo lidakhazikitsa kuti powerengera chaka chonse, pa osewera 11 a timu ya dziko, 6 azikhala osakhala azungu, ndipo 2 mwa iwo azikhala Aafirika akuda.

Kodi kumeneku ndi kuyang'ana nkhope? Otsutsa amati inde: mnyamata wachizungu wa zaka 20 sadalembe malamulo a tsankho, nanga alipirirenji mlandu wa agogo ake? Funso limeneli si lopusa, ndipo si bwino kumtseka pakamwa wolifunsa pomutcha watsankho. Ovomereza amayankha kuti chilungamo chili ndi nthambi inanso, ndiyo kubweza. Wakuba ng'ombe mlandu wake sutha ndi kungoleka kuba. Ng'ombe ibwerere, pamodzi ndi ana amene yaswa. Amatinso osankha timu ndi anthu, maso awo adazolowera kufunafuna luso m'masukulu omwe aja, ndipo popanda lamulo lowakakamiza sangatembenuze khosi kuyang'ana ku makomboni.

Maganizo anga ndi awa. Mangawa alipodi, ndipo kubweza nkoyenera. Koma mangawawo ali pa dziko ndi pa mabungwe, ndipo malo ake enieni olipirira ndi komwe kudabedwa: ku sukulu, ku bwalo la ana, pa mbale ya chakudya. Chiwerengero pa timu yaikulu chili ngati ndodo ya munthu wothyoka mwendo. Njololedwa, mwina njofunika, koma ndi ya kanthawi, ndipo wanzeru amaigwira akuyembekeza tsiku loitaya. Kuopsa kwake nkwakuti akuluakulu angagule ndodo, pakuti njotsika mtengo, nkuiwala kulunzanitsa fupa. Kuopsa kwina kumagwera omwe lamulolo lidafuna kuwathandiza, pakuti wosewera wakuda aliyense, ngakhale katswiri, amamunong'oneza kumbali kuti adalowera pa chiwerengero. Ndipo pali zina zimene lamulo silingazifike. Makhaya Ntini, amene adasewerera South Africa pa masewera aakulu a kiriketi 101, adaulula m'chaka cha 2020 kuti nthawi zambiri ankadya yekha, ndi kuti ankasankha kuthamanga wapansi popita ku bwalo pothawa kusungulumwa kwa m'basi ya timu. Lamulo lingamlowetse munthu m'basi. Silingauze mnzake kuti akhale naye pa mpando umodzi.

Siya Kolisi adakulira mu umphawi ku Zwide, pafupi ndi Port Elizabeth, mzinda umene tsopano ukutchedwa Gqeberha. Chimene chidasintha moyo wake ndi thandizo la maphunziro limene adalandira ali ndi zaka pafupifupi 12, lomlowetsa ku sukulu ya Grey. M'chaka cha 2018 adakhala munthu wakuda woyamba kutsogolera timu ya rugby ya dzikolo pa masewera aakulu, ndipo adanyamula chikho cha dziko lonse kawiri, mu 2019 ndi mu 2023. Iye mwini adanenapo kuti sangakonde kusankhidwa chifukwa cha khungu lake, ndi kuti kusintha kuyambire kwa ana. Ena adamkwiyira pa mawu amenewo. Ine ndiganiza kuti adalasa. Komabe tisaiwale kuti ku Zwide kudatsala anyamata ambiri amene thandizo lija silidawapeze, ndipo Kolisi mmodzi si umboni wakuti mangawa atha.

Za mafilimu, amene akuluakulu ankawatcha bayisikopo, tingadutsepo msanga, pakuti muyeso ndi womwewo. M'chaka cha 2019 kampani ya Disney idalengeza kuti Halle Bailey, mtsikana wakuda, ndiye adzasewere mu The Little Mermaid, nthano ya namwali wa m'nyanja amene kumtunda ndi munthu, kumunsi nsomba; filimuyo idatuluka mu 2023. Phokoso lidali lalikulu. Ena mwa odandaulawo ankangolira chithunzi chimene adachikonda ali ana mu filimu yojambula pamanja ya 1989, ndipo kulira za ubwana si tsankho. Koma tifunse funso lija: m'nthano ya cholengedwa chimene sichidakhalepo, kodi khungu lili ndi mbali? Chofunika ndi liwu loimbira ndi luso la sewero. Nzosiyana ndi filimu ya 2016 yonena za moyo wa Nina Simone, woimba wa ku America, amene kuda kwa khungu lake ndi chinyozo chimene adachilandira chifukwa cha ilo zidali pa mtima pa mbiri yake. Adatenga Zoe Saldaña, wa khungu loyererako, nkumdetsa ndi zopakapaka, ndipo mu 2020 mwiniwake adapepesa. Pamenepo khungu lidali mbali ya nkhani, monga ubale uli mbali ya chuma cha masiye. Amene afuna lamulo limodzi, lakuti khungu liziwerengedwa nthawi zonse kapena lisawerengedwe konse, akungofuna kupuma pa ntchito yoganiza.

Kufikira pano takhala tikuloza chala kutsidya kwa nyanja, ndipo kuloza ena nkokoma. Koma nafenso tili ndi mbali. Pa 15 July 2018 France idagonjetsa Croatia 4 kwa 2 nkutenga chikho cha dziko lonse, ndipo popeza osewera ake ambiri makolo awo adachokera ku Africa, tidakondwa nkumati Africa ndiye yapambana. Trevor Noah, wanthabwala wa ku South Africa amene pa nthawiyo ankagwira ntchito pa kanema ku America, adanena chomwecho moseka. Kazembe wa France ku America, Gérard Araud, adamlembera kalata yodandaula: kuti pa osewera 23, onse kupatula awiri adabadwira m'dziko la France, ndipo kuwatcha Aafirika ndi kuthandiza atsankho amene amati munthu wakuda sangakhale Mfalansa weniweni. Noah adayankha kuti munthu angathe kukhala zonse ziwiri, ndipo kumuuza kuti aiwale kwa makolo ake kuti akhale Mfalansa ndi kumlandanso kanthu. Onse awiri adagwira mbali ya choona. Mwana sataya mbumba ya kwa amake chifukwa chotenga mfunda wa bambo ake.

Komatu taonani zimene zidachitika pa 18 December 2022 ku Qatar, France itagonja kwa Argentina pa mapenate. Kingsley Coman ndi Aurélien Tchouaméni adaphonya, ndipo adatukwanidwa monga adatukwanidwira Saka. Kodi tsiku limenelo ndi angati mwa ife adati: lero Africa yagonja, ana athu aphonya? Ine sindidawamve. Ngati timawatenga akapambana nkuwabweza akagonja, tasiyana pati ndi aja a ku Wembley? Tasiyana pa mwano, inde, ndipo kusiyana kumeneko si kochepa. Koma ganyu ndi yemweyo. Pa funso lakuti munthu ndi wa kuti, woyamba kufunsidwa akhale mwiniwake, ndipo yankho lake lisasinthe ndi zigoli.

Ndinenenso pang'ono za kachida kamene kali m'matumba mwathu. Ambiri amaganiza kuti mwano wa pa intaneti umachuluka chifukwa olemba amabisa mayina. Kampani ya Twitter, imene tsopano ikutchedwa X, itafufuza za mpikisano uja idati mwa anthu amene idawatsekera, 99 pa 100 alionse adali otheka kuwadziwa. Tsono chidawalimbitsa mtima si mdima ayi, koma kutalika. Adamuona mnyamatayo pa kanema akulira pa phewa la mphunzitsi wake, koma sadaime pamaso pake. Ndipo chimene munthu sangayerekeze kuchinena pa bwalo, mayi wa mwanayo ali pomwepo, chala chimachilemba mosavuta. Eni masambawo amapindula ndi malonda amene amalengezedwa pamenepo, ndipo munthu wokwiya ndiye amakhalitsa. Choncho musadabwe kuti mikangano yotereyi siizirala. Inu aphunzitsi, pofotokoza lamulo lachisanu ndi chitatu musaiwale kuti wotumiza kwa anzake mawu onyoza amene sadalembe yekha ali ngati wotuta udzu kupita nawo pa nyumba imene ikupsa. Musaiwalenso mbali inayo: kutcha munthu watsankho popanda umboni, chifukwa chongoti wanena kuti wosewera wakuda sadasewere bwino, ndi kuweruza mopupuluma ndi kuipitsa mbiri ya mnzako.

Nkhani ya Saka ili ndi chigawo china. Pa 6 July 2024, ku Düsseldorf, England idakumana ndi Switzerland pa mpikisano womwewo wa mayiko a ku Ulaya. Saka adamwetsa chigoli chofananitsa mphamvu, ndipo itakwana nthawi ya mapenate adapitanso, nkumwetsa, akumwetulira. England idapambana mapenatewo 5 kwa 3. Manyuzipepala ndi anthu adati mnyamata wadziwombola, watseka pakamwa adani ake. Kulimba mtima kwake nkoyenera kuyamikidwa, ndipo nanenso ndidakondwa. Koma liwu lakuti wadziwombola lidandikhala pakhosi. Wadziwombola ku chiyani? Ngati ndi ku manyazi a kuphonya, chabwino, imeneyo ndi nkhokwe ya thukuta. Koma ngati tikuti chigoli chija ndicho chidayankha amene adamtumizira zithunzi za anyani, ndiye kuti tavomera bwalo lawo ndi muyeso wawo, tangokondwa kuti ulendo uno mlandu watikomera. Nanga goloboyi wa Switzerland akadaugwira mpirawo? Kodi otukwana aja akadasanduka olungama?

Makolo adati, ukaipa dziwa nyimbo. Ndi mwambi wothandiza munthu kukhala m'dziko louma mtima, ndipo makolo ambiri akuda okhala m'mayiko a azungu amalangiza ana awo motero: ulimbike koposa anzako kuti akulandire. Sindikuwadzudzula, pakuti akuteteza ana awo. Koma mwambiwo umayamba ndi kuvomera kuti pali kuipa kofunika kuphimba, pamene pa khungu palibe kuipa. Ndiponso nyimboyo siigula chimene tikuganiza kuti imagula. Jesse Owens adatenga mendulo 4 za golide ku Berlin m'chaka cha 1936, pamaso pa boma la Hitler. Atabwerera ku America, popita ku phwando lomlemekeza iye mwini pa hotela ina yaikulu ya ku New York, adamkweza chikepe chonyamulira katundu, ndipo pambuyo pake ankapikisana liwiro ndi akavalo kuti apeze ndalama. Kuonjezera apo, odziwa nyimbo ndi ochepa. Pa Saka mmodzi pali zikwi za anamwino, oyendetsa mabasi ndi osamala okalamba m'mizinda ya ku Britain, ena mwa iwo ana athu ndi adzukulu athu, amene sadzamwetsa chigoli pa Wembley. Ngati ubale ugulidwa ndi chikho, amenewa adzagula ndi chiyani? Rashford ndi Sancho omwe sadali m'timu ya 2024. Mwayi wodziwombola pa mpikisano umenewo sadaupeze.

Ku Withington, dera la mu mzinda wa Manchester kumene Rashford adakhalako ali mwana, kuli khoma limene adajambulapo nkhope yake m'chaka cha 2020, pomthokoza kuti adaumiriza boma kuti lipitirize kudyetsa ana osauka a sukulu pa nthawi ya tchuthi. Usiku wa ku Wembley uja munthu wina adalembapo zotukwana. Kutacha, pa 12 July 2021, anthu a m'deralo adayamba kufika. Adaphimba zolembazo ndi mapepala akuda a pulasitiki, nkumamatapo makalata, maluwa ndi mitima yodula pa pepala, ina yolembedwa ndi ana aang'ono. Pa tsiku limenelo Rashford adali asanakonze kanthu: penate yake idali yophonyekabe, ndipo chikho chidali m'manja mwa Italy. Makalatawo adachuluka mpaka kudzaza khoma, ndipo patapita masiku, poopa mvula, akuluakulu a mzindawo adawamatula mosamala nkukawasunga.